Makirediti 60 pa chaka: mmene sukulu za ku Ulaya zimawerengera luso

Mu 1982 mtsikana wina wa ku France, Françoise Gravier, anawoloka malire kupita ku Liège m'dziko la Belgium kukaphunzira kujambula makatuni, nthano zija zimayenda ndi zithunzi m'timabokosi. Sanasochere, pakuti Belgium ndiye kuchimake kwa luso limeneli. Koma pa Académie Royale des Beaux-Arts anamuuza kuti popeza ndi mlendo, alipire fizi yapadera imene ana a eni dziko sankalipira. Iye sanavomere. Sukulu inakana kumulembetsa, chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chinaima, ndipo nkhani inalowa m'khoti la mumzindawo mpaka kukafika ku khoti lalikulu la mayiko a ku Ulaya ku Luxembourg. Pa 13 February 1985 oweruza anagamula kuti mtsikanayo anachitiridwa tsankho.

Pangano la ku Rome la 1957, limene linamanga mgwirizano wa mayikowa, linali la malonda, ulimi ndi kayendedwe ka antchito. Za sukulu munalibemo, kupatula mzere wonena za maphunziro okonzekeretsa munthu ntchito. Boma la Belgium linkati sukulu ndi nkhani ya m'nyumba mwake, akunja asalowerere. Oweruza anati wophunzira kujambula makatuni naye akukonzekera ntchito, choncho lamulo loletsa kusankhana mitundu limamuteteza. Patangotha zaka ziwiri, mu 1987, pulogalamu ya Erasmus inabadwa, ndipo chaka choyamba ophunzira 3,244 anapita kukaphunzira m'mayiko a anzawo. Lero thumba la Erasmus+ la zaka za 2021 mpaka 2027 lili ndi mayuro oposa 26 biliyoni.

Nkhani imeneyi ndimakonda kuikumbutsa anzanga a m'maofesi a mayunivesite akuluakulu akayamba kulankhula ngati ife a zaluso tinangobwera kudzadya zophikaphika. Njira yonseyi anailambula ndi wojambula makatuni. Ineyo ndimagwira ntchito mu ofesi yaing'ono pa sukulu ina ya zaluso kuno ku Belgium, ndipo ntchito yanga ndi mapepala a ophunzira obwera ndi opita. Ndinachoka ku Zomba ndikudzitcha wa zisudzo, lero ndimadya za mafomu. Sindidandaula kwenikweni. Pa desiki imeneyi munthu amaona mgwirizano wa ku Ulaya usanavale suti ya pamsonkhano, ndipo maganizo anga pa iwo ndi awa: umathandiza kwambiri pamene ukuchita zinthu zotopetsa, za manambala ndi zidindo, ndipo umasokoneza pamene ukufuna kuuza waluso tanthauzo la ntchito yake.

Wophunzira zachuma akafuna kukakhala semesita imodzi ku Lisbon, sukulu yake imangotumiza dzina, iye amakapeza mpando kumbuyo kwa holo ya anthu mazana, basi zatheka. Woimba vayolini sizimuyendera choncho. Iye safuna Lisbon kapena Helsinki. Amafuna mphunzitsi wakutiwakuti, munthu mmodzi, amene anamumvapo akuimba kapena amene aphunzitsi ake amamutchula mwaulemu. Amatumiza vidiyo, mphunzitsiyo amaonera, ndipo ngati maola ake adzaza yankho limakhala ayi, kaya mwanayo ndi katswiri wotani. Pa sukulu ya nyimbo phunziro lenileni limachitikira m'chipinda cha anthu awiri, kamodzi pa sabata, ndipo n'chifukwa chake wophunzira mmodzi wa nyimbo amadyera boma ndalama zambiri kuposa wa zamalamulo. Wosema ziboliboli amafuna malo ndi makina. A zisudzo ndiye ovuta kuposa onse: kalasi imakhala ya anthu khumi kapena khumi ndi awiri amene akhala akulira ndi kukuwa limodzi zaka ziwiri, ndiye inu mukuti tikuikireni mlendo wosadziwa chilankhulo kwa miyezi isanu. Aphunzitsi amangokuyang'ana.

Zonsezi ziyenera kulowa m'fomu imodzi imene timaitcha learning agreement, pangano losonyeza zimene wophunzirayo akaphunzire uko ndi zimene zidzalowe m'malo mwake kuno akabwerera. Fomuyo imayankhula chilankhulo chimodzi chokha, cha makirediti.

Pa 19 June 1999 nduna za maphunziro za mayiko 29 zinasaina chikalata ku Bologna, mzinda wa ku Italy. Mphasa anali atayala kale chaka cham'mbuyo ku yunivesite ya Sorbonne ku Paris, pamene nduna za France, Germany, Italy ndi Britain zinagwirizana kuti madigiri a ku Ulaya azimvana. Anthu ambiri amaganiza kuti Bologna ndi lamulo la EU, mgwirizano uja wa mayiko a ku Ulaya, koma si choncho. Pangano la EU limaletsa likulu lake la ku Brussels kufananitsa malamulo a maphunziro a mayiko. Ku Bologna mayiko analowa okha, popanda khoti lowalanga, ndipo lero pa mndandanda pali mayiko 49, ngakhale Russia ndi Belarus anaimitsidwa mu 2022. Koma chinthu chosakakamiza nthawi zina chimakakamiza kuposa lamulo, chifukwa palibe nduna imafuna kuti dziko lake lioneke lotsalira. M'zaka khumi zokha, pafupifupi paliponse panabwera digiri yoyamba ya zaka zitatu kapena zinayi, kenako masters, ndipo chaka chilichonse cha sukulu chinasanduka makirediti 60. Kirediti imodzi ndi maola 25 mpaka 30 a ntchito ya wophunzira, m'kalasi ndi kunyumba komwe. Chaka chonse ndi maola 1,500 mpaka 1,800.

Tsono tengani woimba piyano. Ambiri amayamba ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo pofika pakhomo pathu amakhala atathera kale ubwana wonse pa chidacho, zimene palibe kirediti imaziwerenga. Akalowa sukulu amayeserera yekha maola anayi kapena asanu pa tsiku, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Werengani nokha: maola 5, masiku 7, masabata 45, akukwana maola 1,575. Makirediti onse 60 atha asanalowe m'kalasi ya mbiri ya nyimbo, asanaimbe ndi anzake, asanalembe pepala ndi limodzi lomwe. Ndiye pamsonkhano wa aphunzitsi timatani? Timalemba nambala yocheperapo, ina timagawira maphunziro ena, aliyense m'chipindamo akudziwa kuti nambalayo si yoona, ndipo timasainira. Kirediti ili ngati ndowa yoyezera chimanga pamsika: imakuuza kuchuluka kwake, siikuuza ngati chili chofumbwa. Komabe popanda ndowayo wogula ndi wogulitsa sangamvane, ndipo apa m'pamene ndimasiyana ndi anzanga aluso amene amafuna kuitaya.

Chimene chimandivuta ine ndi bokosi lina la m'mafomu, lofunsa kuti pomaliza phunziroli wophunzira adzatha kuchita chiyani. Kwa wophunzira unamwino funsoli ndi labwino, ndipo tonse tikufuna liyankhidwe bwinobwino asanatibaye jakisoni. Kwa wojambula, phunziro limakhala litayenda bwino ngati watulutsa chinthu chimene mphunzitsi sanachilote n'komwe. Ungalembe bwanji zimenezo mu Seputembala, mwanayo usanamuone? Aphunzitsi amalemba mawu osalala oti adzatha kusinkhasinkha mozama za ntchito yake, ndipo mawu omwewo mudzawapeza ku Porto, ku Riga ndi ku Gent, ngati analemba munthu mmodzi.

Si onse anagonja. Sukulu ya zojambula ya Kunstakademie ya ku Düsseldorf ku Germany, kumene anaphunzira akatswiri Gerhard Richter, Sigmar Polke ndi Andreas Gursky, inakana kudula maphunziro a ojambula ndi osema m'magawo a bachelor ndi masters. Kumeneko wophunzira amalowa m'kalasi ya pulofesa mmodzi, amakhala naye zaka, ndipo amatuluka ndi kalata ya sukuluyo yotchedwa Akademiebrief. Amene pulofesa wamuona kuti wakhwima amamupatsa ulemu wa Meisterschüler. Sukuluyi makani ndi mwambo wake: mu 1972 pulofesa Joseph Beuys anachotsedwa ntchito ndi nduna Johannes Rau, pulofesayo atalanda ofesi ya sukulu pamodzi ndi achinyamata amene anakanidwa malo, pakuti iye ankati aliyense wofuna kuphunzira alowe. Ku Vienna nako, mu Okutobala 2009, ophunzira ndi aphunzitsi a Akademie der bildenden Künste ndiwo anayamba kugona m'nyumba ya sukulu pokana dongosolo la Bologna. Patangopita masiku awiri a pa yunivesite yaikulu analanda holo yawo ya Audimax, ndipo moto unafalikira mpaka ku Germany.

Ndimawamvetsa, koma sindiwatsatira mpaka kumapeto. Düsseldorf ikhoza kukana chifukwa dzina lake lokha ndi pasipoti. Womaliza kumeneko akagogoda pa nyumba yoonetsera zaluso ku New York palibe amamufunsa makirediti. Wa kasukulu ka m'tawuni yaing'ono ya ku Romania kapena ku Portugal alibe mwayi umenewo, pepala lake liyenera kudzilankhulira lokha. Komanso mwambo wa pulofesa mmodzi, wokoma chotere m'nthano, uli ndi kuseri kwake. Munthu mmodzi ndiye amakulandira, amakuphunzitsa chitseko chili chotseka, amakuyesa mayeso, ndipo ndiye amaimbira foni anzake kuti akulembe ntchito. Milandu ya nkhanza ndi yogwiririra imene yatuluka m'sukulu zina za nyimbo ndi zisudzo zaka zapitazi inamera m'dothi limeneli. Mapepala otopetsa aja, oti mayeso aziyesa anthu angapo, oti wophunzira azidziwa kokadandaula, oti akhoza kusintha mphunzitsi osataya chaka, anabwera ndi mphepo yomweyo ya Bologna. Amene amalira ufulu wakale sakonda kutchula kuti ufuluwo unali wa ndani.

Tisaiwalenso mmene zinthu zinalili kale. M'mayiko angapo sukulu ya nyimbo kapena ya zojambula sinkawerengedwa ngati ya ukachenjede. Munthu ankatha zaka khumi pa piyano ku Italy n'kutuluka ndi dipuloma imene kunja sankadziwa poiika. Lamulo nambala 508 la 1999 ndi limene linakweza sukulu zimenezi kuti ziime pa msinkhu wa mayunivesite. Ku Austria zinasanduka mayunivesite mu 1998, Mozarteum ya ku Salzburg ili m'gulu lomwelo. Mabungwe a sukuluzi anaona kuti sitima inyamuka kaya iwo akwere kaya atsale, ndiye anasankha kukwera n'kukakhala pafupi ndi woyendetsa. Bungwe la sukulu za nyimbo la AEC, limene linayamba mu 1953 ndipo ofesi yake ili ku Brussels, linayambitsa ntchito yotchedwa Polifonia mu 2004 kuti oimba alembe okha zimene digiri ya nyimbo imatanthauza, asanawalembere anthu a zachuma. Bungwe la ELIA, lobadwa mu 1990 ndipo limakhala ku Amsterdam, linachita chimodzimodzi pa zaluso zonse. A mafilimu ali ndi CILECT, a zokonza maonekedwe a zinthu ali ndi Cumulus. Phindu lake ndimaliona ndi maso: oyendera sukulu akabwera kudzera ku MusiQuE kapena EQ-Arts, mabungwe oyesa ubwino wa maphunziro a zaluso, amakhala anthu odziwa kuti kalasi ya wophunzira mmodzi si kuwononga ndalama. Ku Germany ndi ku Netherlands sukulu za nyimbo zinasunga digiri yoyamba ya zaka zinayi m'malo mwa zitatu.

Maboma nawo anapezerapo mpata wophatikiza masukulu: Zürich mu 2007, Helsinki mu 2013 pamene Sibelius Academy inalowa nyumba imodzi ndi sukulu ya zisudzo ndi ya zojambula, Stockholm mu 2014. Kuno ku Belgium tili ndi nthabwala yathu. Mumzinda wa Brussels muli sukulu zachifumu za nyimbo ziwiri, ina ya olankhula Chifalansa, ina ya olankhula Chidatchi, zimene kale zinali imodzi ndipo zakhala zikugawana nyumba, iliyonse pansi pa nduna yakeyake. Dziko lino linafika poyambitsa Erasmus yake ya m'kati, Erasmus Belgica, kuti wophunzira wa ku Gent akaphunzire ku Liège ngati wapita kunja. Likulu la mgwirizano wa Ulaya ndi limenelo.

Nkhondo imene ikutentha masiku ano ndi ya PhD. Mu 2003 ku Berlin nduna zinawonjezera digiri imeneyi ngati gawo lachitatu la dongosolo la Bologna, ndipo sukulu za zaluso zinadzifunsa kuti ife tikhala a magawo awiri mpaka liti. Musanamizidwe ndi mawu okoma, pansi pake pali ndalama. Thumba la kafukufuku ndi lalikulu kuposa la zachikhalidwe, ndipo sukulu yosachita kafukufuku imaonedwa ngati yongophunzitsa ntchito zamanja. Ndiye panabadwa chimene amachitcha artistic research, kafukufuku wochitika kudzera m'kupanga luso lenilenilo, osati kulemba za luso la ena. Orpheus Institute ya ku Gent inayamba mu 1996 ndipo imaphunzitsa oimba a digiri imeneyi. Norway inatsegula pulogalamu yake mu 2003, Austria inaika thumba lapadera lotchedwa PEEK mu 2009. ELIA inatulutsa mfundo za ku Florence mu 2016 zofotokoza mmene PhD ya zaluso iyenera kukhalira, ndipo mu 2020 mabungwe angapo anasainira chikalata cha ku Vienna chopempha kuti kafukufuku wotere awerengedwe mokwanira m'buku la Frascati la bungwe la mayiko la OECD, limene maboma amatsatira powerenga ndalama za kafukufuku.

Ndaonapo ntchito zabwino kwambiri zotuluka m'njira imeneyi. Woimba amene wapatsidwa zaka zinayi, ndi malipiro, kuti afufuze mmene chida chakale chinkaimbidwira, akuyesa ndi zala zake zomwe, amapeza zimene wowerenga mabuku okha sakanazipeza. Wovina amadziwa zinthu za thupi zimene dokotala sazidziwa. Zimenezi ndi nzeru ndithu, ndipo n'zoyenera kulipiridwa. Koma ndaonanso china chikukwawa pang'onopang'ono. Malonda a ntchito za uphunzitsi ayamba kufunsa PhD. Mphunzitsi wa jazz amene wathera moyo wake pa nsanja, amene ophunzira amawolokera malire kuti akakhale naye, akhoza kugonja kwa wachinyamata wodziwa kulemba pempho la ndalama. Ndipo pempholo limalembedwa m'Chingerezi, Chingerezi chake chapadera cha m'mapulojekiti, chimene si cha ku London kapena cha kwina kulikonse. Ophunzira ena a chaka choyamba amafika pochidziwa bwino chilankhulo chimenechi asanadziwe kusakaniza utoto. Ukawafunsa kuti ukujambula chiyani, amakuuza funso limene ntchito yawo ikufufuza. Ine ndimangoti tandionetsa chithunzicho.

Ngakhale ndinene zonsezi, pali chaka chimodzi chimene chinanditseka pakamwa pa nkhani yonyoza makirediti, ndipo ndi 2020. Ku Budapest, likulu la Hungary, kuli yunivesite ya zisudzo ndi mafilimu, SZFE, imene mizu yake inayamba mu 1865. Chaka chimenecho boma la Viktor Orbán linaichotsa m'manja mwa boma n'kuipereka ku bungwe la matrasti osankhidwa ndi boma lomwelo, wapampando wake Attila Vidnyánszky, mkulu wa nyumba ya zisudzo ya dzikolo. Mphamvu zosankha atsogoleri ndi kugawa ndalama zinachoka kwa aphunzitsi. Kumapeto kwa Ogasiti akuluakulu a sukuluyo anatula pansi maudindo, ndipo ophunzira anatseka makomo ndi tepi yofiira ndi yoyera, ija amazunguliza pamalo a ngozi. Anagona m'nyumbamo masiku 71, akulondera pakhomo mosinthana, akuchita makalasi awoawo. Tsiku lina anthu masauzande anaima mzere kuchokera pasukulupo mpaka ku nyumba ya malamulo, akupatsirana chikalata cha mfundo za sukuluyo dzanja ndi dzanja. Anatuluka mu Novembala chifukwa cha malamulo a Covid-19, osati chifukwa chogonja, koma sukulu yawo sanaibweze.

Funso linatsala linali losasangalatsa kulijambula pa kanema: nanga ophunzira amene sakufuna digiri yosainidwa ndi atsogoleri atsopanowo atani? Ena anali atatsala chaka chimodzi. Iwo ndi aphunzitsi amene anachoka anapanga bungwe lawo, Freeszfe, koma bungwe silipereka digiri. Apa sukulu zisanu za kunja zinalowererapo: Mozarteum ya ku Salzburg, sukulu ya mafilimu ya ku Vienna, sukulu ya zisudzo ya ku Ludwigsburg ku Germany, Accademia Teatro Dimitri ya ku Switzerland, ndi nthambi ya zisudzo za zidole ya ku Białystok ku Poland. Zinati ophunzirawo apitirize kuphunzira ku Budapest ndi aphunzitsi awo omwewo, ife tilandira makirediti awo akale, tiwerenga atsopanowo, ndipo digiri tidzapereka ndife. Ntchitoyi anaitcha Emergency Exit, ophunzira oposa 100 anadutsira pamenepo, ndipo mu 2021 nyumba ya malamulo ya EU inaipatsa mphoto ya European Citizen's Prize.

Ganizirani chimene chinachititsa kuti zitheke. Si chifundo chokha, pakuti chifundo chinalipo chambiri, akatswiri a mafilimu otchuka ankajambulitsa zithunzi zosonyeza kuti ali nawo limodzi. Chinatheketsa ndi chakuti mlembi wa ku Salzburg akanatha kutsegula transcript ya ku Budapest, pepala la zimene wophunzira wakhoza, n'kuimva: chaka chachitatu, makirediti akutiakuti, gawo loyamba la digiri. Ndi manambala omwe aja tinkasainira tikudziwa kuti si oona kwenikweni. M'dongosolo lakale, pamene maphunziro ako ankakhala m'mutu mwa pulofesa wako ndi m'kaundula wa sukulu imodzi, wolanda sukuluyo akanalanda ndi zaka zako zomwe. Ndikaona mphunzitsi akung'ung'udza podzaza fomu, ndimafuna kumuuza za Budapest, koma nthawi zambiri ndimangomulozera posainira.

Mapeto ake a nkhani ya Hungary sakoma m'kamwa. Mu Disembala 2022 mayiko a EU anagamula kuti mayunivesite 21 a ku Hungary amene anali pansi pa matrasti oterewa asalandirenso ndalama zatsopano za Erasmus+ ndi za kafukufuku. Cholinga chinali kufinya boma. Amene anamva kuwawa ndi mwana wa zaka 20 wa pa SZFE kapena pa MOME, sukulu ina ya zaluso ya mumzinda womwewo, amene sanasankhe trasti aliyense, ndipo ndiye ankafunika kwambiri kukapuma mpweya wa kunja. Kumbali yathu mapangano amene tinali nawo anangozizira. Switzerland inagwa m'pulogalamu ya Erasmus mu 2014 anthu ake atavota zochepetsa olowa m'dziko, ndipo inayamba kulipira yokha obwera ndi opita omwe. Britain inatuluka nayo itachoka mu EU n'kuyambitsa pulogalamu yake ya Turing, imene imalipira opita okha. Pa sukulu za zaluso kusinthana kumafuna kuti mpando umene wasiya wako ukhalidwe ndi wa mnzako, ndiye pulogalamu ya mbali imodzi siyenda bwino.

Anthu a kwathu akamandilembera amafunsa funso limodzi: nanga ife? Chigamulo chija cha ku Luxembourg chimateteza nzika za EU zokha, ndipo fizi yapadera ya mlendo sinafe, inangosamukira kwa ife. Denmark inayamba kulipiritsa ochokera kunja kwa Ulaya mu 2006, Sweden mu 2011, Finland mu 2017, ndipo Norway, imene inali pothawira ambiri, mu 2023. Ku Germany madera ambiri salipiritsabe, koma Baden-Württemberg imafuna mayuro 1,500 pa semesita. Khomo lenileni lotseguka ndi la Erasmus Mundus, madigiri a masters ophunzitsidwa ndi sukulu zingapo pamodzi, amene wopambana amalipiriridwa fizi n'kumalandira mayuro 1,400 pa mwezi. A mafilimu ali ndi DocNomads, imene yakhala ikuyendetsa ophunzira pakati pa Lisbon, Budapest ndi Brussels. A magule ali ndi Choreomundus, imene yadutsitsa ophunzira ku Clermont-Ferrand, Trondheim, Szeged ndi London, ndipo a ku Africa apitako ndithu. Malo ndi ochepa, opikisana ndi dziko lonse lapansi.

Palinso funso la chimene ukaphunzire ukalowa. Sukulu zambiri za nyimbo kuno zinamangidwa pa chitsanzo cha ya ku Paris ya 1795, ndipo mayeso olowera amafunsa nyimbo zolembedwa pa pepala, za olemba a ku Ulaya. Zilipo zimene zatambasula mphasa, monga Codarts ya ku Rotterdam imene inatsegula nthambi za flamenco, nyimbo za ku India ndi za ku Turkey, ndi Sibelius Academy imene ili ndi nthambi ya nyimbo za mitundu yonse. Koma woimba bangwe kapena kaligo, ngakhale atakhala mmisiri wotheratu, pa sukulu zambiri palibe mphunzitsi womulandira, ndipo popanda mphunzitsi palibe malo. Mgwirizano wa Ulaya wafikako kwathu m'njira zake: Music Crossroads ya ku Lilongwe inachokera ku bungwe la Jeunesses Musicales International la ku Brussels, ndipo achinyamata ake akhala akusinthana ndi anzawo a ku Norway. Zimenezo ndi zabwino. Chimene ndimasirira kuno, komabe, si ulendo wa ku Oslo. Ndi chakuti wophunzira nyimbo ku Zomba kapena ku Thyolo akanatha kukakhala semesita ku Maputo, ku Lusaka, kapena ku Makhanda kumene kuli nyimbo za ku Nyasaland zimene Hugh Tracey anajambula m'ma 1950, n'kubwerera osabwereza chaka. Pangano la ku Addis Ababa la 2014 lonena za kuvomerezana madigiri mu Africa lilipo pa pepala. Chimene chimasowa ndi kaofesi ngati kanga, ka munthu wotopa wodziwa kuwerenga transcript ya mnansi, ndi kathumba kolipira basi ndi chipinda chogona.

Kwa amene amandilembera ali ndi luso koma mapepala ochepa, ndimawauza zoona zake. Sukulu za zaluso ndi zina mwa zochepa kuno zimene zimayang'ana ntchito yako kaye, satifiketi pambuyo. Ku Germany lamulo limalola kuti munthu wa luso lapadera alowe ngakhale alibe satifiketi yolowera yunivesite. Ndiye jambulani vidiyo yosadula, kamera ikhale pamalo amodzi, manja ndi nkhope zizioneka, mawu amveke bwino. Ojambula atumize ntchito za posachedwa, ndi zosamaliza zomwe, chifukwa aphunzitsi amafuna kuona mmene munthu amaganizira. Lemberani mphunzitsi amene mukumufuna musanadzaze fomu iliyonse, ndipo yambani chaka chathunthu nthawi isanakwane, pakuti masiku otsekera ambiri amagwa pakati pa Disembala ndi Malichi. Mukalandiridwa m'pamene phiri lenileni limayamba. Germany imafuna kuti mutsekere mu akaunti ya ku banki mayuro pafupifupi 12,000 a chaka chimodzi musanapatsidwe viza, mayiko ena ali ndi nambala zawo, ndipo kalata ya pulofesa, ngakhale ikutamandeni chotani, sichotsapo yuro ndi imodzi yomwe. Choncho pempho la thandizo la ndalama lizinyamuka tsiku limodzi ndi vidiyo.